Nambala Yanga pa Tsamba la Zitenge

Kwathu ku Kanakantapa netiweki imagwira bwino pachulu chimene chili kumapeto kwa dimba lathu. Foni ikalira ndili m'nyumba, mawu amamveka oduladula, ndiye ndimathamangira kuchuluko. Woimbayo akakhala wamkulu, ndinkagwada pomwepo. Ndinkadziwa kuti sakundiona, koma amayi anandilera motero, ndipo maondo ankapinda okha ndisanaganize n'komwe. Anandiphunzitsanso kuti mwana sadula foni wamkulu akulankhula. Umadikira mpaka atsanzike yekha. Zinthu ziwirizi sizinandivutepo mpaka chaka chimene mkulu wanga ankakwatiwa.

Nambala ya foni yangayo ndiyo msika wathu. Timalima repu, matimati ndi anyezi, ndipo zambiri timakagulitsa ku Silverest. Nditamaliza sukulu amayi anandituma kukafuna ogula kumeneko, ndipo palibe ntchito imene inandilemerapo ngati imeneyo. Ine ndine wamanyazi. Ndinkaima kaye pamthunzi kubwereza mawu mumtima, kenako n'kugogoda pageti la munthu wosamudziwa, agalu akuuwa mkati. Ndinayenda geti ndi geti mpaka nambala inayamba kuyenda yokha. Antchito a m'nyumba ankapatsana, alonda ankapatsa anzawo, ndipo mayi wina wophikira amisiri omanga nyumba anayamba kutenga makreti athunthu. Ambiri mwa anthuwa sindinkawadziwa mayina. Ankangoti ndine wa pageti lobiriwira, kapena ndine wa pafupi ndi chigayo cha njerwa. Nambalayo tinailembanso ndi penti pamakreti athu onse.

Phwando la azimayi lotsanzika mkwatibwi, limene timalitcha kichini pate, ankaliyendetsa ndi azakhali, mlongo wawo wa malemu atate, amene amakhala ku Mtendere mu Lusaka. Paphwando lotere azimayi a banja amavala chitenge chofanana. Azakhali anapeza tsamba lina pa intaneti la mayi wogulitsa zitenge zokongola pamtengo wotsika, n'kuponya zithunzi m'gulu lathu la pafoni. Achibale a ku Chipata, ku Kabwe ndi ku Ndola anakangana za mtundu mpaka anagwirizana pa chamaluwa achikasu. Kenako azakhali anati ineyo ndiye ndidziwa za mafoni, ndiye ndiode.

Ndinakondwa kuti andisankha. Ndinaimbira mayi wa zitengeyo ndili pachulu. Mawu ake anali a munthu wachikulire, odekha, ndipo anayamba ndi kufunsa za moyo wa amayi ndi za ndiwo za m'dimba. Ankanditchula mwana wanga. Ndinagwada. Anati katundu ali kumalire ku Nakonde, tikangotumiza ndalama amuika pabasi. Ndinatumiza zimene achibale anasonkha.

M'mawa mwake anaimbanso, akupepesa kwambiri. Anati nambala yake yolandirira ndalama yadzaza, ndiye azimayi angapo amene aoda zitenge atumize kwa ine, ineyo ndingopititsa ku nambala ina imene andipatse. Mtima unakana pang'ono, koma pakamwa panali patayankha kale kuti chabwino mayi. Kodi munthu wamkulu akupempha kanthu kakang'ono chotero, ukanakana ndi mawu ati? Ndalama zinalowa, ndinazipititsa momwe zinalili, ndipo anandidalitsa ine ndi ana amene ndidzabereke. Sindinadziwe kuti patsamba lake anali ataikapo kale nambala yanga ndi chithunzi changa cha yunifolomu ya kwaya, chimene chinkaoneka panambalayo, atalemba kuti ndine womuimira wa ku Chongwe.

Tsiku limene anati katundu wafika, ndinapita ku Chongwe kukadikira pamsewu. Anati wapatsira kondakitala wa minibasi yochokera ku Lusaka. Ndinafunsa kondakitala aliyense amene anaima, ine amene ndimachita manyazi kufunsa chenji yanga yomwe. Wina anandifunsa ngati ndikwera kapena ndabwera kudzawerenga mabasi. Wina anandiuza kuti ali ndi thumba la makala chabe, ngati ndifuna kuvala limenelo. Dzuwa litapendeka ndinaimba nambala ya mayi uja. Inali yozima, ndipo siinayakenso.

Banja linadandaula, koma ukwati sudikira. Azakhali anathamangira kumsika wa Kamwala kukagula chitenge china, chosakongola kwenikweni, ndipo phwando linachitika. Palibe amene anakumbutsa azakhali kuti tsambalo analipeza ndi iwo. Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Woyamba kuimba anali mayi wa ku Kitwe. Analankhula Chibemba chothamanga, ndipo ine Chibemba ndimachimva pang'ono, koma mawu oti wakuba amamveka m'chilankhulo chilichonse. Ndinagwada pachulu n'kumupatsa moni. Sanayankhe moniwo. Ndinayesa kufotokoza kuti nafenso anatibera, iye anati dzina limene linatuluka pafoni yake potumiza ndalama ndi langa, ndipo pamenepo sankanama. Ananditukwana mpaka mayunitsi ake anatha. Ndinadzuka, ndinasansa maondo, ndinabwerera kukathirira repu.

Kenako anabwera ena. Mphunzitsi wa ku Livingstone amene anaodera azimayi a kutchalitchi kwawo. Bambo wa ku Kabwe amene mkazi wake anali atasiya kumulankhula chifukwa cha zitengezo. Mayi wa ku Solwezi amene ankayamba ndi pemphero kenako n'kunditemberera. Ena anali asanatumize kanthu kwa ine n'komwe, anangopeza nambala yanga patsamba mayi uja atasowa. Aliyense ankayamba nkhani yake kuchiyambi, ndipo aliyense ndinkamumvera mpaka kumapeto, chifukwa onse ankamveka aakulu kwa ine.

Chimene chimandinyansa mpaka lero ndi cha kupeja. Munthu mayunitsi akamuthera ali pakati pa kunditukwana, ankaliza foni yanga kamodzi n'kudula, kuti ine ndimuimbire amalize. Ndipo tsiku lina ndinaimbadi. Ndinagula mayunitsi ndi ndalama ya anyezi, n'kuimbira mayi wa ku Kitwe uja, iye n'kupitiriza pomwe analekera osataya ngakhale liwu limodzi. Pobwerera kunyumba ndinadzida ndekha njira yonse.

Pa intaneti zinali zoipa kuposa. Wina anatenga chithunzi changa cha kwaya n'kuchiponya m'magulu a azimayi ogula ndi kugulitsa, atalemba kuti chenjerani naye. Anthu amene sanataye kanthu ndi amene analemba kwambiri. Wina anati nkhope ikuoneka yokha kuti ndi ya kawalala. Wina anati akuba a masiku ano amabisala m'kwaya. Ena anasiya za zitenge n'kuyamba kukambirana za chipumi changa, ndipo wina wa ku Ndola anafunsa ngati kolala ya yunifolomuyo inasitidwa ndi mwala. Kolalayo ndinaisita ndekha, ndi ayironi ya makala, ndipo inali bwinobwino.

Ndinapita kupolisi ku Chongwe ndi amayi. Analemba zonse, anaona mauthenga osonyeza kuti ndalama zinkatuluka momwe zinkalowera, ndipo anandiuza kuti ndisafufute kalikonse. Pepala limene anandipatsa ndinalisunga m'Baibulo. Koma pepala silimayankha foni.

Anzanga a kwaya anati ndingotaya simu n'kugula ina. Mkulu wanga nayenso anatero, akuimba kuchokera kunyumba yake yatsopano. Iwo ankaona ngati n'kanthu kakang'ono. Ine ndinkaona mageti aja onse, ndi agalu aja, ndi anthu osadziwika mayina amene sindikanatha kuwauza kuti ndasintha nambala. Ndinkaonanso makreti. Amayi anagwirizana nane pa chimenecho.

"Ukataya nambala, adzati wathawa," anatero. "Wosalakwa sathawa. Koma uziwayankha bwino. Ni anthu aakulu, ndipo ndalama zawo zinapitadi."

Choncho nambala ndisaitaye, foni ndisaidule. Ndinkadziwa kutseka nambala ya munthu kuti asaimbenso, koma zimenezo ndinkaziona ngati kumenyetsa chitseko pankhope ya mlendo. Ndinakhala pakati pamenepo, maondo akuda ndi dothi la chulu, repu akufota chifukwa wothirira ali pafoni.

Ogula anayamba kuchepa. Sikuti anamva za zitenge, ambiri sanamve. Ankangopeza foni ili yotanganidwa. M'mawa wina tinathyola matimati ambiri a mayi wophikira amisiri uja. Mwachizolowezi ankaimba kuti anene makreti angati ndi nthawi yoti ndifike. Tsikulo sanaimbe, kapena kuti anaimba ine ndili chogwada kumvera mayi wa ku Ndola akundiuza mmene ana ake anavalira zosiyana paukwati wa mng'ono wake. Ndinanyamulabe matimatiwo kupita nawo ku Silverest. Ndinapeza pakhomo pa kanyumba kake ka malata pali kale makreti a munthu wina.

"Nakutumira mpaka chala chawawa," anatero akudula anyezi, osandiyang'ana. "Foni yako ili bize monga ya nduna. Amisiri sadya nkhani, mwana wanga."

Ndinayenda ndi matimatiwo m'misewu ya fumbi, kugulitsa pang'onopang'ono pamtengo wotaya. Otsala ndinabwerera nawo atayamba kufewa. M'minibasi foni inalira kangapo m'chikwama, ndipo mayi amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndathawa mwamuna.

Masana amenewo ndinali m'dimba, ndikusankha matimati ophwanyika, foni inaliranso. Nambala yachilendo. Ndinakwera pachulu. Kunali mphepo, mawu ankaduka, koma ndinamva kuti ndi mayi wachikulire, ndipo anayamba wopanda moni.

"Iwe, nkhani ya vitenge vija..."

Ndinadula. Sindinaganize, chala chinangopita chokha. Ndinaima pachulupo ndikuyang'ana uku ndi uku ngati wina wandiona. Foni inaliranso, nambala yomweyo. Ndinadulanso, ndipo ulendo uno ndinamva kukoma. Ndinatsika pachulu ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Kukomako sikunakhalitse. Ndisanafike kunyumba ndinaona amayi akubwera mothamanga, kafoni kawo kali kukhutu, akupita kuchulu. Anandidutsa osandilankhula. Atafika anagwada. Ndinadziwa pomwepo.

Anali azakhali. Anali atagula simu yachiwiri chifukwa cha mayunitsi otsika mtengo, ndipo sanauze aliyense. Ankafuna kundifunsa ngati ndikadali ndi mauthenga a mayi wa zitenge, chifukwa mnzawo wa kutchalitchi nayenso anaberedwa. Anthu a ku Kitwe, ku Solwezi ndi ku Livingstone ndinawagwadira onse osawadziwa, ndipo munthu woyamba kumudula m'moyo wanga anakhala mlongo wawo wa atate.

Nkhani yotere siitha pafoni. Amayi anamanga mitolo ya repu, n'kusankha matimati amene anali olimbako, ndipo m'mawa ndinakwera minibasi kupita ku Chongwe, kenako ina ya ku Lusaka. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa, ndipo nditafika ku Mtendere ndinali nditawaiwala onse.

Azakhali anali pakhonde, akusoka batani pamalaya. Ndinaika katundu pansi n'kugwada pasimenti. Anandisiya choncho mpaka batani linatha. Kenako anayamba. Anati ana a masiku ano mafoni awadya mitu. Anati mlongo wawo akanakhala moyo sakanaona zimenezi. Anandikumbutsa kuti ndili wakhanda anandibereka kumsana kuchokera kuchipatala, ndipo lero ndawadula kawiri ngati wogulitsa inshuwalansi. Ndinayesa kunena kuti sindinadziwe kuti ndi iwo.

"Nikali kukamba," anatero, ndipo ndinatseka pakamwa.

Foni inalira m'chikwama. Sindinaigwire, chifukwa wamkulu ankalankhula. Inasiya, inayambanso. Azakhali anaima pakati pa mawu.

"Ni ndani uyo? Chisumbali? Wapeza mwamuna?"

"Iyayi azakhali. Ni aja a vitenge."

"Mpaka lero? Yankha. Ika palaudi nimveko."

Anali mayi wa ku Kitwe. Ndinamupatsa moni monga mwa nthawi zonse, ndipo monga mwa nthawi zonse anaudumpha. Tsikulo anasakaniza ndi Chinyanja kuti ndimve bwino. Anayamba ndi ine, anapita kwa amayi, kenako anafika kwa atate. Anati bambo amene anabereka mwana wotere ayenera kuti nayenso anali kawalala, ndipo ngati anafa, anafa bwino.

Azakhali anaika malaya pambali. Anatambasula dzanja, ndinawapatsa foni.

"Muli bwanji mayi," anatero, mawu ali pansi. "Mukamba na mlongo wake wa uyo mwamuna mwatukwana. Mwana uyu nayenso anamubera, na ise tonse a banja. Anapita kupolisi, pepala lilipo. Imwe mwapitako kupolisi kwanu uko?"

Mayi uja anakweza mawu, akuti banja lonse ndi limodzi. Azakhali anamvera pang'ono, kenako anasindikiza chala pafoni n'kudula. Anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana ine.

"Masiku onse aya umvera ivi?"

"Inde azakhali."

"Mpaka kumapeto?"

"Mpaka mayunitsi awo athe."

"Chogwada?"

Anayang'ana maondo anga, amene anali atada ndi kukhakhala, n'kupukusa mutu. Anafunsa amene anandiuza kuchita zimenezo, ndinati amayi anati ndi anthu aakulu.

"Ukulu wa pafoni wauona bwanji? Mwina uyu ni mnzako chabe, mawu ndiye yakulu. Mvera. Umupatse moni kamodzi. Umuuze kamodzi kuti apite kupolisi. Akayamba kutukwana, dula, utseke na nambala yake. Amai ako akafunsa, ukambe kuti ni ine nakuuza."

Foni inalira kamodzi n'kusiya. Mayi wa ku Kitwe anali kupeja. Azakhali anafunsa tanthauzo lake, ndipo nditawauza kuti akufuna timuimbire amalize, anaseka mpaka kutsokomola. Sindinawauze kuti ndinaimbapo.

Ndinaganiza kuti mlandu wanga watha, koma ayi. Anati zimenezi sizikuchotsa zoti ndinawadula, ndipo ndikadzabwerezanso adzabwera okha ku Kanakantapa. Anandilamula kusunga nambala yawo yatsopano iwo akuona, n'kuwaonetsa kuti yalowadi. Ndinkadikira kuti mwina anene kanthu za tsamba lija, kuti analipeza ndi iwo n'kundituma. Sananene. Anatsegula thumba, anafinya tomato mmodzi, n'kufunsa ngati kwathu tasiya kulima matimati olimba.

Amayi sanakondwe nalo lamulo latsopanolo, koma sakanatsutsa mlamu wawo. Masiku oyamba ndikadula foni ankatembenukira kumbali ngati ndavula pagulu. Ine ndemwe chala chinkalemera. Mphunzitsi wa ku Livingstone nditamuuza za kupolisi anamvera, anafunsa mafunso, ndipo pomaliza anatsanzika bwino. Bambo wa ku Kabwe ndinamudula ali pakati pa liwu. Wa ku Solwezi ndinamulola amalize pemphero, matemberero asanayambe ndinatseka. Pang'onopang'ono foni inayamba kukhala chete, ngakhale kuti chithunzi changa cha kwaya chikuyendabe kwinakwake, ndipo nthawi zina munthu watsopano amachipeza n'kuimba ndi mkwiyo wa chaka chatha. Mayi wa zitenge sanapezeke, momwe ine ndikudziwira.

Mayi wophikira amisiri ndinapita kukamuona ndekha. Ndinaima kaye pamthunzi kubwereza mawu, monga kale. Anati matimati apitiriza kutenga kwa munthu winayo, chifukwa sangamusiye popanda chifukwa, koma repu ndi anyezi ndizibweretsa ine. Ndinavomera. Anandichenjeza kuti akaimba kawiri osayankhidwa, basi.

Nambala ikadali yomweyo, ndipo penti ya pamakreti tinaibwereza chaka chino. Nambala yachilendo ikaimba ndimakwera pachulu n'kuyankha chiimire, ngakhale maondo amafunabe kupinda. Dzulo inaimba ina. Ndinapereka moni, chala chili kale pafupi ndi podulira. Anali mtsikana wantchito wa m'nyumba ina ku Silverest, wamanyazi kuposa ine, akuti nambala wapatsidwa ndi mlonda, ndipo akufunsa ngati tili ndi repu wa Loweruka. Ndinamuuza kuti alipo, n'kumufunsa kuti geti lawo ndi la mtundu wanji.